Atichoki Wotendera

Ganizo lopita ku Joni ndinalipanga nditaima m'mbali mwa msewu waukulu pa Dedza, nditatsamira matumba a kachewere amene panalibe wowafuna. Chaka chimenecho mbatatesi inabereka kwa aliyense, kuyambira kwathu cha ku Kasina mpaka kutsidya kwa malire, ndipo mavenda a ku Lilongwe ankangoyendayenda manja ali m'matumba, n'kumatchula mitengo yachipongwe. Bambo wa mwana wanga anali atawolokera ku Mozambique kalekale n'kukwatira komweko. Mwanayo, Tadala, anali atangosankhidwa kupita ku sekondale, ndipo fizi yake inali m'matumba omwe ndinatsamirawo. Basi yaikulu ya ku Joni itadutsa n'kukhotera kuchipata cha malire, ndinaiperekeza ndi maso mpaka inazimiririka. Mbatatesi ndinaigulitsa motaya tsiku lomwelo, koma mumtima ndinali nditakwera kale basi ija.

Woyamba kumuuza sanali amayi anga, anali Felesita. Ine ndi Felesita tinakulira limodzi, tinalephera limodzi mayeso a sitandade eyiti, ndipo tinalowa limodzi kwaya ya kutchalitchi, iye chifukwa cha mawu, ine chifukwa choti iye walowa. Chakudya sitinkachigawa m'mbale ziwiri. Anthu ankati ukafuna Rozina, ndiye ineyo, ungofunsa komwe kwalowera Felesita. Ndinamupeza m'dimba mwake akuthirira kabichi, ndipo nditamuuza sanasiye n'komwe kuthirira.

"Pita," anatero. "Amayi ako ndiziwaona ine. Koma usadzabwere ukundiyankhula Chingerezi, ndidzakukhuthulira madzi onse a m'kheni muno."

Za ulendo sindichulutsa. Nditafika ku Joni msuweni wanga anandikwezanso basi ina ya ku Cape Town, kumene ankati ntchito za m'nyumba zimapezeka. Miyezi yoyamba ndinkachapa ndi kusita m'makomo osiyanasiyana, lero uku, mawa uko, n'kumagona m'kachipinda ka malata ndi amayi awiri, wina wa ku Mangochi, wina wa ku Nkhata Bay. Ine wa ku Dedza ndinkadzitama kuti kuzizira ndimakudziwa, koma kuzizira kobwera pamodzi ndi mvula mwezi wa Juni ndinali ndisanakuonepo. Kenaka ndinapeza ntchito yokhazikika, yosamalira agogo ena achizungu amene makolo awo anachokera ku Italy. Ana awo anali kunja kwa dziko, ndipo m'nyumba yaikulu ija tinkakhalamo awiri basi. Ndinkawatcha Madamu.

Sindinalemere, ndinene zoona. Amene amati ku Joni ndalama amatola pansi sanaweramepo kutsuka bafa la munthu wina. Koma mwezi ukatha ndinkatumiza ya fizi, ya feteleza, ya sopo ndi mchere ya amayi, ndipo pang'onopang'ono denga la udzu la nyumba yathu linasanduka la malata. Chimene ndalama sinkagula ndi munthu woyankhula naye. Madamu anali abwino, koma ogontha khutu limodzi, ndipo masiku ambiri Chichewa ndinkachiyankhula ndekha potsuka mbale. Ndinkakhalira moyo tsiku Lamulungu. Misa ikatha kwathu, Felesita ankakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi pomwe netiweki imagwira, n'kundiimbira foni yoonana nkhope. Ankandiuza zonse: wakwatiwa ndani, wathawa ndani, ng'ombe ya ndani yadya kabichi wa ndani. Foni ikaduka ndinkakhala kaye pabedi nditaigwira m'manja, ndipo nthawi zina ndinkalira.

M'nyumba mwa Madamu ndi mmene ndinadziwira atichoki. Tsiku lina anabwera nazo kuchokera kumsika, zinthu zobiriwira zazikulu ngati nkhonya, za mamba okhuthala osanjikizana, nsonga zake zili ndi timinga. Anati ndikonze. Ine ndinatenga mpeni n'kuyamba kusenda, kusenda, kufunafuna chodyedwa, mpaka m'manja munatsala ubweya wokhawokha. Madamu anagwira m'mutu. Atatha kudandaula m'chiyankhulo chawo anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa. Atichoki ndi duwa losaphuka. Umaliwiritsa lathunthu m'madzi a mchere ndi ndimu. Likapsa umazula mamba ake limodzilimodzi, kuviika m'mafuta osakaniza ndi adyo, n'kukanda kamnofu ka kumunsi ndi mano akutsogolo, chotsalacho n'kutaya. Ukafika mkati umachotsa ubweya uja, ndipo pansi pake pali mtima wake, wofewa, wonona.

Poyamba ndinaona ngati n'kuvutika kwa anthu okhuta: ntchito yambiri, chakudya chochepa, zinyalala mulu. Koma chakudya chimenechi sichidyeka mothamanga, ndipo Madamu sankafuna kuchidya okha. Nyengo yake ikafika ankandiitanira patebulo, mbale imodzi pakati, zala zathu tonse zili mafuta okhaokha, iwo n'kumasimba za amayi awo. Ndi nthawi yokhayo imene ndinkadya ndi munthu. Ndipo nthawi zonse ndinkaganiza kuti Felesita akanakhala pano, bwenzi atanena kale mawu oti nditsamwe nawo.

N'chifukwa chake nditamanga katundu wotumiza kumudzi, bulangete la amayi, nsapato za Tadala, nsalu ya Felesita, ndinaikamonso kapaketi ka mbewu ya atichoki. Madamu anati imakonda malo ozizira. Ndinati ngati n'kuzizira, kwathu tili nako kogulitsa. Katunduyo ndinapatsira bambo wina amene ntchito yake inali kunyamula zikwama za anthu pa basi, ndipo anati akasiya pa boma. Inali nyengo ya mvula. Wokatenga anali Felesita, monga mwa nthawi zonse.

Uthenga unabwera wolemba: "Katundu wafika bwino. Amayi akuthokoza bulangete." Lamulungu lotsatira foni sinalire. Linalo sinalirenso. Nditaimba ine, sanayankhe, koma analemba kuti kamera ya foni yake yafa. Ndinati chabwino, tizingomvana mawu. Anati netiweki ikuvuta masiku ano, ndi bwino kulemberana. Kuyambira pamenepo Felesita anasanduka malembo. Amayi ankawaonabe, nkhani zawo ankandipatsa mosaphonya, kuchipatala ankawaperekeza, koma nkhope yake ndi mawu ake zinasowa.

Kamodzi kokha ndi pamene ndinamumva Felesita wakale m'malembomo. Patapita miyezi analemba kuti: "Ndiwo zako zija zakula mpaka m'chiuno. Tinathyola masamba n'kuphika. Rozina, tinakulakwira chiyani? Kuwawa kwake, ndi galu yemwe wakana." Ndinaseka mpaka Madamu anamva ndi khutu logontha lija. Ndinali nditaiwala kuti kwathu mbewu ikamera, choyamba timayang'ana masamba. Ndinamulembera kuti masamba sadya, chodya ndi duwa lisanaphuke. Anayankha kuti, "Duwa timadya la maungu. Laminga ayi." Nkhani inathera pomwepo, ndipo mauthenga anabwereranso kukhala aafupi.

Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo munthu ukakhala wekha maganizo amakula msanga. Ndinaganiza kuti watopa ndi kusamala amayi a mwiniwake. Ndinaganiza kuti malata aja amubaya m'maso. Anzanga a m'kachipinda kaja tikakumana ankati, "Asisi, kumudzi ndi choncho. Amakukonda ukamavutika nawo limodzi." Ndinkawatsutsa pakamwa, koma mawuwo ankanditsatira mpaka kunyumba. Ndinamufunsapo Felesita mosabisa kuti ndamulakwira chiyani, ndipo anayankha kuti palibe, ndilimbike ntchito. Ndinafunsa amayi, ndinafunsa Tadala, onse anati ali bwinobwino, wangotanganidwa ndi dimba. Zinandipweteka kwambiri, kuposa kuzizira, kuposa kutukwanidwa m'sitima chifukwa cha dziko lomwe ndinachokera.

Madamu atafooka, ana awo anabwera, anawatengera kunyumba yosamalirako okalamba n'kugulitsa nyumba ija. Tadala anali atamaliza sukulu ndipo anali atapeza kantchito ku Lilongwe. Mnzawo wina wa Madamu anati akufuna munthu ngati ine, ndipo adikira yankho langa ndikapumako kwathu. Ndinamanga zikwama ndisakudziwa ngati ndikupita kokhala kapena kokacheza.

Ndinafika mu Seputembala, mphepo ikuulutsa fumbi m'mapiri. Anthu anabwera kudzandilonjera, oyenera ndi osayenera omwe, ena kudzaona ine, ena kudzaona zikwama. Felesita anabwera mawa lake. Anali atavala masiki ansalu, aja tinkavala nthawi ya mliri, pamene mudzi wonse unali utawaiwala kalekale. Anakhala kumapeto kwenikweni kwa mkeka, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Mwayenda bwanji, amayi a Tadala?"

"Amayi a Tadala ndiye ndani? Tabwera kuno iwe!"

"Ndili ndi chimfine, ndingakupatsireni."

Chimfinecho sichinamuletse kundiitanira kwake kudzadya nkhuku. Ndinapita ndikusangalala, ndikuti tsopano tikhala awiri. Anandilowetsa m'nyumba, anandikhazika pampando, patebulo atayala nsalu yoluka ija amayalira ansembe akabwera. Anagwada n'kundisambitsa m'manja, anavundukula mbale, kenaka anatuluka n'kugwetsa katani. Ndinadikira, osabwera. Ndinamumva akutsuka mapoto kuseri. Nkhuku ija ndinaidya ndi mkwiyo mpaka mafupa, chifukwa inali yokoma, ndipo ine mkwiyo sunandiletsepo kudya. Koma potuluka ndinali nditamva bwinobwino zomwe wandiuza. Kwathu munthu amene amadya yekha m'nyumba katani atagwetsa ndi mlendo.

Kunyumba ndinapeza amayi akusankha nyemba palichero. Ndinawafunsanso, maso ndi maso tsopano.

"Amayi, Felesita ndinamulakwira chiyani?"

"Palibe," anatero, osadzutsa mutu. "Musiye mnzako."

Ndinadziuza kuti ngati Felesita wandisandutsa mlendo, ndiye kuti m'mudzi muno malo anga anatha. Amayi ndikhoza kuwasamala ndili kutali monga kale. Ntchito ija inali ikundidikira, ndipo ndinayamba kufunsa masiku omwe basi imanyamuka.

Ndisanagule tikiti ndinatsikira kumadimba kukaona ngati langa likadalipo. Podutsa la Felesita ndinaima. Pafupi penipeni ndi chitsime, pamalo a nthaka yakuda pomwe aliyense wanzeru amabzala kabichi, panali mzere wonse wa atichoki, zitsamba zotuwa zotalika kufika pachifuwa. Zina zinali zitaphuka kale maluwa ofiirira. Zambiri zinali ndi mitu yotseka, yolimba, yoposa ija Madamu ankagula modandaula mtengo. Amuna ake a Felesita, bambo Chisale, anali chapompo akukonza ngalande.

"Alamu, mwabwera kudzaona minga yanu?" anatero. "Kuno timangoti minga ya Rozina. Masamba ake amayi ena amawiritsa akamamva m'mimba, akuti chowawa chotere sichingakhale chopanda ntchito. Maluwa amakakongoletsera kuguwa pa zikondwerero. Koma malo a kabichi awa, alamu. Chaka chilichonse ndimati ndizule, mayiwa n'kundiyang'ana ngati ndapha munthu."

"Ndiye amaisungiranji, poti sadya?"

Bambo Chisale anakanda m'mutu n'kuyang'ana khasu lawo. "Zimenezo mukafunsane nokha. Ngati mukufuna kudula, dulani."

Ndinadula mitu yokwana kudzaza beseni. Sindinkamvetsa. Munthu amene wakutaya sathirira minga yako zaka zonsezo, kunyamula kheni m'mawa wozizira wa ku Dedza. Ndinati ndiyesako kamodzi komaliza: ndikaphika m'khitchini mwake momwe, kuti asowe katani wogwetsa. Akakana kudya nane, ndiye kuti ndamva, ndikwera basi.

Ndinafika masana, beseni pamutu, ndipo sindinaodire. Felesita anali pakhonde, ndipo atangondiona anatembenuka msanga n'kukokera masiki aja kumaso. Ndinapitirira mpaka kukhitchini, ndinasonkha moto pamafuwa, ndinatenga poto wake wamkulu ngati wanga.

"Kodi mukutani?"

"Ndikuphika minga. Zaka zonsezi mwakhala mukudya kolakwika. Kandithyolere mandimu."

Anapita kukathyola. Mafuta a azitona a Madamu kunalibe, ndinagwiritsa ntchito ophikira wamba a pagolosale. Adyo ndinali nditagula pamsika. Ndinadula timinga ta kunsonga, ndinawiritsa mitu ija m'madzi a mchere ndi ndimu, ndipo Felesita anakhala pakhomo la khitchini akuonerera, manja atapinda. Zitapsa ndinayala mkeka, ndinaika mbale imodzi pakati, kambale ka mafuta pambali, n'kukhala pansi.

"Khala apa. Lero sindidya ndekha."

Anakhala, koma chapatali. Ndinazula limodzi la mamba aja, ndinaviika m'mafuta, n'kumuonetsa monyadira ngati mphunzitsi.

"Ukuona? Umaluma apa, n'kukoka chonchi. Umakanda ndi mano akutsogolo. Chinsinsi chake chonse ndi mano akutsogolo."

Felesita anandiyang'ana. Mapewa ake anayamba kugwedezeka, ndipo ndinaganiza kuti akulira, koma kunali kuseka. Anaseka mpaka anagwira pamimba, misozi ikutsikira m'masiki.

"Ndi mano akutsogolo," anatero. "Mayo ine. Mano ake ati?"

Anatsitsa masiki aja. Mano onse akutsogolo a m'mwamba kunalibe, ndi ena a m'munsi. Mlomo wa m'mwamba unali ndi chipsera chokhuthala ndipo unalowa mkati, moti nkhope yake inkaoneka ya munthu wamkulu kuposa zaka zake.

Anandifotokozera mosavuta, ngati akunena za mtengo wa feteleza. Tsiku lokatenga katundu wanga lija, pobwerera anakwera kabaza wa njinga yamoto, mvula itangokata. Chikwama chinali chachikulu, ndipo anachikumbatira ndi manja onse awiri kuti chisagwere m'matope. Pamtsetse wotsikira kumlatho njinga inaterereka. Woyendetsa anangosupuka bondo. Iye analibe dzanja lotchingira, ndiye anafikira pakamwa, pamwala.

"Koma bulangete silinade n'komwe," anatero. "Ukawafunse amayi ako."

"Bwanji sunandiuze? Bwanji amayi sanandiuze? Ndi Tadala yemwe?"

"Tinakhala pansi n'kugwirizana. Ukanamva, ukanasiya fizi ya mwana n'kuyamba kugula mano. Kapena ukanalongedza n'kubwera, ntchito n'kuthera pomwepo. Timakudziwa iwe. Pafoni ukanandimva mayankhulidwe, ndiye ndinati ndizilemba."

Ndinafuna kukalipa, ndinafuna kulira, ndinafuna kumuuza kuti mawa lomwe tikwera minibasi ya ku Lilongwe akamuike mano ena. Koma chimene chinali patsogolo panga inali mbale ya chakudya chimene mnzanga sakanatha kudya, chophikidwa ndi ine, m'khitchini mwake. Manyazi anandigwira. Ndinanyamula mbale ija n'kubwerera nayo pamoto.

"Mtedza uli nawo?"

"Ulipo."

"Sinja. Kachewere?"

"Kuno ndi ku Dedza, ukufunsa chiyani?"

Sindinkadziwa chomwe ndikupanga, ndinkangopanga. Ndinazula mamba onse n'kukanda kamnofu kaja ndi supuni, limodzilimodzi, ntchito imene mano akanagwira. Ndinachotsa ubweya, mitima ija n'kuiduladula tizidutswa ting'onoting'ono. Zogwirira zake ndinazisenda ulusi monga timachitira ndi nkhwani, ndipo mkati mwake munali mofewa. Kachewere ndinamudula timabenthu tating'ono kuti apse msanga. Ndinakazinga anyezi ndi adyo wotsala uja m'mafuta omwe aja, ndinaponyamo tomato, kenaka kachewere ndi madzi pang'ono a momwe ndinawiritsira atichoki. Kunja mtondo unali kulira. Felesita analowa ndi nsinjiro yosefa bwino, masiki ali lende pakhosi, n'kusuzumira m'poto.

"Thiramo soda."

"Atichoki sathira soda."

"Wanena ndani? Mzungu wako uja ankatendera?"

Za soda ndinakanitsitsa. Nditatembenuka kukatenga mchere ndinamva m'poto mukuchita thovu, ndipo iye anali akupukuta zala pansalu, maso ali kudenga. Nditathira atichoki ndi nsinjiro n'kutenga mthiko, anandimenya padzanja.

"Usatakase msanga! Isiye ipse kaye pamwamba. Ku Joni unakaiwala ndi kutendera komwe?"

Anandilanda mthiko. Ndinamusiya, chifukwa kunena zoona nsinjiro yanga imachita zibuma kuyambira kale. Ine ndinangofinyira ndimu pang'ono pomaliza n'kuphwanya kachewere kuti zonse zikhale phalaphala. Maonekedwe ake sanali oti n'kujambula. Madamu akanaona, akanagwiranso m'mutu.

Tinakhala pamkeka, mbale imodzi, masupuni awiri. Felesita anatapa, anaika cha m'mbali mwa kamwa, n'kumatafuna pang'onopang'ono ndi mano a m'tsaya. Ine ndinkayang'ana m'mbale kuti ndisamuchititse manyazi.

"Ndiyang'ane," anatero. "Uzolowere. Sameranso."

Ndinamuyang'ana. Anatapanso kachiwiri, kachitatu.

"Zikukoma bwanji?" ndinafunsa.

"Ngati mbatatesi imene inapitako kusukulu." Anameza. "Zakoma, Rozina. Koma si zoti munthu n'kuthyokera mano."

Zinali zokoma ndithu. Nsinjiro inagwirizana ndi kunona kwa mitima ija ngati zinakulira dimba limodzi, ndipo soda uja, ngakhale sindinamuuze, anathandiza. Tinadya mpaka kukanda pansi pa mbale. Titatha ndinamufunsa chimene chinkandivutabe. Za fizi ndinamva. Koma ndinali nditabwera tsopano, Tadala anamaliza sukulu, nanga masiki ndi katani zinali za chiyani? Kodi amayenda chotseka pakamwa zaka zonsezi?

"Ayi," anatero. "Mudzi wonse unazolowera. Kukwaya ndimaimba chonchi, kumsika ndimakangana chonchi. Masikiwa ndinawafukula m'sutikesi nditamva kuti wanyamuka."

"Ndiye unavalira ine ndekha?"

Anatola kachidutswa ka nsinjiro pamkeka n'kukaponya kwa nkhuku.

"Unatsala wekha amene unkandidziwa ndili ndi mano. Ana a m'mudzi muno akuganiza kuti ndinabadwa chonchi. Abambo akwathuwa anaiwala. Ndinkati ku Joni kuli munthu mmodzi amene akandikumbuka amaona Felesita uja. Sindinkafuna kuti nayenso athe."

Apa ndiye ndinalira, mokweza, mopanda ulemu, mpaka bambo Chisale anasuzumira pampanda n'kubwerera. Felesita anandisiya ndilire. Kenaka anati mbale sizidzitsuka zokha, ndipo poti ndadetsa mapoto ake onse, nditsuke ine.

Ndikupita kunyumba dzuwa likupendeka, ndinkaganiza za zithunzi zomwe ndinkatumiza ndili kunja: nditaima pafupi ndi nyanja, nditaima m'munda wa maluwa wa Madamu, nthawi zonse nditavala zabwino. Kachipinda ka malata kaja palibe anakaonapo. Ndinkayesa kuti luso losankha zoti anthu amve ndi la ife a paulendo. Sindinkadziwa kuti kumudzi amalidziwa kuposa ife, ndipo amachita mogwirizana, amayi ako, mwana wako, mnzako, onse pakamwa pamodzi. Ndinkati mudzi ndikuunyamula ine ndi ndalama za mwezi ndi mwezi. Iwonso anali atandinyamula, posandiuza zimene zikanandigwetsa. Sindikudziwa ngati anachita bwino. Ndinataya zaka zingapo za mawu a mnzanga, ndipo zimenezo palibe angandibwezere. Za mano oikirira tikukanganabe mpaka lero: ine ndimati tipite, iye amati aganizire. Koma ntchito ya ku Cape Town ija ndinaiyankha sabata yomweyo kuti apeze wina.

Nditafika tsiku limenelo, amayi anali pakhonde. Anayang'ana beseni lopanda kanthu, anayang'ana maso anga otupa.

"Mwadya?"

"Tadya."

"Nonse awiri?"

"Tonse awiri, amayi."

Anagwedeza mutu, n'kusuntha kuti andipatse malo pamkeka.

"Ndiye wafika tsopano. Khala pansi, mwana wanga. Zilipo zina zoti umve."